Chibisalirano cha Pansi pa Tiyi

"Achimwene, ndevu zayamba kale kumera, koma mukufuna muzikakwawa m'tiyi ngati buluzi? Pitani nokha. Ine ndili ndi pati taimu."

Woyankhula chonchoyo ndi mchemwali wanga wamng'ono, wa sitandade 6, mwana amene ndinamubereka pamsana pangapa mpaka msana unapindika, moti mpaka lero ndikagona chagada umalira ngati chitseko chakale. Anali atawerama pakhonde, chikwama kumsana, akumanga zingwe za nsapato ngati nduna yochedwa kumsonkhano.

"Iwe," ndinatero, "ndangoti tiye ukaone komwe tinkasewera ife. Kanthawi pang'ono chabe."

"Kusewera chani?"

"Chibisalirano."

"Anthu awiri?" Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Chabwino, ndabisala. Mwandipeza. Kenako? Mundipatsa satifiketi?"

Amayi anali pomwepo akusenda nandolo ndipo sanadzutse n'komwe mutu. "Musiye mwana apite. Iwe unamaliza, mnzako sanamalize. Ngati nthawi yakuchulukira, nkhuni zatha m'nyumba muno."

Nkhani inathera pomwepo. Mwana anapita, amayi anapitiriza nandolo wawo, ine ndinatsala ndi nthawi yanga.

Nthawi ndiye ndili nayo, anthuni. Chilembereni mayeso a folomu 4 ndikungodikira zotsatira, ndipo nthawi yandiunjikira moti nditati ndiithire m'matumba ndikagulitse pa Chinakanaka, msika wonse ungadzaze mpaka mumsewu, minibasi n'kusowa podutsa. Vuto ndi loti wogula palibe. Anzanga a kusekondale anabalalika tsiku lomwe tinabweza mabuku, wina kwa azakhali ku Limbe, wina kumunda, wina akuti akufuna kukwatira, Mulungu amuthandize. Ine ndimadzuka, ndimasesa pabwalo posesedwa kale, ndimayang'ana phiri, phiri limandiyang'ana. Nkhuku zonse za pano ndikuzidziwa khalidwe. Pali ina yakuda imene ndikuganiza kuti ili ndi mavuto a m'banja.

Ndinabadwira pa esiteti ya tiyi, kulayini, m'nyumba za kampani zija zogundizana khoma, zoti wa khomo linalo akayetsemula iwe umapukuta mphuno. Bambo amagwira kufakitale. Kuseri kwa layini yathu kuli mpopi ndi mwala wochapira, ndipo mukangodutsa pamenepo mwafika m'munda wa tiyi wakalekale, wamkulu kuposa bambo, mwina kuposanso phiri. Anthu odutsa pa galimoto amauona pamwamba pokha, wobiriwira, wosalala ngati tebulo, amatulutsa mafoni n'kujambula. Sadziwa kanthu. Kukoma kwa tiyi kuli pansi.

Othyola amangothyola nsonga, ndiye pamwamba masamba amalukana n'kukhala denga. Pansi pake ndi mitengo yopanda masamba, ndipo pakati pa mizere pamatsala kanjira, kamdima pang'ono, kofewa ndi masamba ouma. Munthu wamkulu sangalowe. Mwana wa sitandade 3 amalowa ngati mbewa. Ukakhala m'menemo dzuwa limakufika lobiriwira, mawu a anthu amamveka ngati ali dziko lina, ndipo umangoona miyendo ya amayi othyola tiyi ikudutsa, osadziwa kuti pansi pa dengu lawo pali boma lathunthu.

Inali tauni. Tinali ndi misewu yosalala ndi mawondo athu. Mzere waukulu wapakati tinkautcha Limbe. Pomwe mzerewo unkakumana ndi ngalande ya madzi panali pa Nkando, chifukwa aliyense ankadutsa pomwepo, ndipo ndi pomwe tinkagawana chinangwa chootcha ndi nzimbe. Kumapeto kwenikweni, kufupi ndi mitengo ya bulugamu, kunali ku Joni, ndipo wofika kumeneko ankabwerako akuyenda mosiyana, kuyankhula kwake kutasinthanso. Ulendo wa ku Joni unkatenga tsiku lonse. Ena ankayamba atsanzika kwawo. Tinalinso ndi minibasi: ana kundandalika, aliyense kugwira akakolo a wa patsogolo, n'kumakwawa limodzi. Wa patsogolo akaphwisa inali ngozi ya pamsewu, opulumuka sankakhalapo.

Zoopsa zinalipo. Linthumbu likakupeza m'menemo unalibe kothawira, denga lili pamutu, unkangovula kabudula uli chigonere n'kumapemphera. Njoka ndinakumana nayo kamodzi, yobiriwira, mutu uli pamaso panga mchira ukadali ku Milonde. Tinapatsana moni n'kusiyana. Kunalinso alonda ena a mimba yaikulu amene sankafuna kutiona, koma kuwerama kunkawavuta, ndiye ankangoima pamwamba n'kumakalipira tiyi. "Ndakuonani! Tulukani!" Sanationepo ngakhale tsiku limodzi. Nyengo yodulira yokha ndi imene inkatigonjetsa. Abambo ankabwera ndi mipeni yawo, denga lonse pansi, tauni n'kukhala maliseche. Pamenepo tinkabwerera ku mpira wachikulunga ngati ana wamba, kudikira masamba aphuke.

Gemu yathu yaikulu inali chibisalirano, ndipo malamulo ake anali okhwima kuposa a pa esiteti. Wosaka ankaima pampopi, manja kumaso, n'kukuwa, "Ndibwere?" Amene sanapeze malo ankayankha, "Dikira!" Ukakonzeka unkati, "Bwera!" kenako zii. Wosaka sankatsegula maso, kaya njuchi ikulume, kaya galimoto ikuimbire hutala. Ndipo lamulo lalikulu linali ili: gemu siitha mpaka womaliza apezeke. Lipenga la kufakitale likalira madzulo, amayi akaitana, mawa tinkayambira pomwepo.

Ine ndinali wosaka wamkulu m'boma lonse la Mulanje, mwinanso mu Africa muno. Sindinkakwawa chisawawa ayi. Ndinkakwera pamwala wochapira n'kuyang'ana tebulo lija. Pomwe masamba agwedera popanda mphepo, pali munthu. Ndiponso ndinkamvana ndi amayi othyola. Iwo sankanena kanthu, ankangoloza ndi milomo, manja akuthyolabe.

Koma panali mmodzi. Dzina sinditchula, amayi ake ndi aukali, angandipeze. Ankakhala khomo logundizana ndi lathu, ndipo mphasa yake ndi yanga zinkasiyanitsidwa ndi khoma lokha. M'mawa ndinkagogoda, iye n'kugogoda, ndiye kuti tiyeni. Anali kamunthu kowonda, makutu ngati mbale za ndiwo, koma akabisala ankasiya kukhala munthu. Ankadzipaka dothi lofiira n'kugona phee, kupuma n'kuiwala. Tsiku lina nkhuku inamuikira dzira pamsana. Anthu amati ndimakokomeza, koma dziralo tinadya. Amayi ake akamuitana m'Chilomwe, mawu ankagunda phiri n'kubwerera, mbalame n'kuuluka, koma iye osagwedeza ngakhale khutu limodzi. Komabe ndinkamupeza. Mochedwa, mawondo atasupuka, koma ndinkamupeza, ndipo ankati, "Wachita mwayi, aise." Tsiku lililonse mwayi.

Ena akatopa n'kupita kwawo, ife awiri tinkatsala pa Nkando, chagada, kuyang'ana denga. Ine ndinkati ndikadzakula ndidzayendetsa ndege ndipo ndizidzadutsa pansipansi kuti madenga a kulayini aziuluka. Iye ankati adzagula esiteti yonse n'kuletsa kudulira, tiyi akule mpaka tizidzayenda m'menemo choimirira, ndi njinga zomwe. Ankanena osaseka. Anali atasankha kale pomwe adzamange ofesi.

Tsiku limene sindidzaliiwala tinali sitandade 6, kalasi yomwe ali mchemwali wangayu pano, pa holide. Kunali chiperoni, kamvula kaja kosagwa kosaleka, phiri nalo litabisala. Mnzangayo anagogoda khoma ine ndisanagogode, chinthu chimene sankachita. Anati lero tisewere tsiku lonse, ndipo wosaka ndiwe. Tinasewera kangapo. Chakumasana ndinaimanso pampopi, manja kumaso.

"Ndibwere?"

"Bwera!" uku. "Bwera!" uko. Kenako mawu ake, patali, cha ku Joni: "Dikira!"

Ndinadikira. Madzi a chiperoni ankatsikira m'khosi. Ndinamva amayi ena akutunga madzi n'kupita. Ndinamva lole ikudutsa mumsewu wa kumbuyo kwanga, pang'onopang'ono, ikulira ngati ili ndi chifuwa. Maso sindinatsegule, wosaka weniweni satsegula. "Ndibwere?" Zii. "Ndibwere?" Anzanga ena anayamba kukuwa m'tiyimo kuti iwe bwera basi, tikufa ndi kuzizira kuno. Ndiye ndinapita.

Onsewo ndinawatola ngati mango akugwa okha. Iye ayi. Ndinakwawa Limbe yense, ndinasanthula pa Nkando, ndinafika ku Joni n'kubwerera n'kupitanso. Amayi othyola anali atapita kale kusikelo kukayezetsa tiyi, panalibe milomo yoti indilozere. Anzanga anatopa n'kupita kwawo. Lipenga linalira. Ndinatuluka ndili matope okhaokha, ndikuseka ndekha, ndikuti kamunthu aka lero kandionetsa, koma mawa kaona.

Chitseko chawo chinali chotsegula. Chitenje cha pawindo panalibe. Mkati munali tsache lotha ndi malo oyera pansi pomwe pankakhala kabati. Basi.

"Apita," amayi anatero. "Ntchito ya bambo ake inatha. Apeza lole yobwerera yopanda katundu, dalaivala sakanadikira."

"Apita kuti?"

"Kwawo."

"Kwawo ndi pano!"

"Pano ndi pa ntchito, mwana iwe. Kasambe."

Akuluakulu onse ankadziwa kalekale. Pa esiteti zimenezi si nkhani. Nyumba ndi ya ntchito, ntchito ikatha makiyi umabweza. Palibe amaganiza zouza ana, monga palibe amauza nkhuku. Kwawoko ena ankati ndi ku Phalombe, ena ankati kutsidya kwa malire, ena ankati bambo ake atsikira ku Chikwawa kukadula nzimbe. Ine m'mutu mwanga ndinamuika ku Joni kwenikweni, atavala jekete lachikopa, makutu ali panja pa chipewa.

Pasanapite nthawi m'nyumbamo munalowa banja lina. M'mawa wina ndinaiwala, ndinagogoda khoma. Kunayankha mawu a bambo wamkulu: "Ndani ameneyo?" Sindinagogodenso.

Enawo anachoka mmodzimmodzi, njira yake yomweyo, lole ndi chitseko chotsegula. Ine ndinayamba sekondale yoyendera, kuchoka m'mawa kubwera madzulo, ndipo tauni inatsala yopanda boma. Ndinkaganiza kuti ana otsatira alowa, monga ife tinalowa n'kupeza misewu ya akulu athu. Sanalowe.

Ana a pano ndi otanganidwa kuposa manijala. M'mawa sukulu. Masana pati taimu kwa aphunzitsi. Loweruka pati taimu ina. Akaweruka, wina ali ndi beseni la mandasi kumsewu, wina akulera khanda, otsalawo aunjikana pakhonde la kagolosale, mitu khumi pa foni imodzi yosweka galasi, ngati nkhuku pa madeya. Ukadutsa sakuona. Ukhoza kuba mmodzi, anzake angazindikire foni ikatha moto. Tsiku lina ndinawayesa. Ndinati ana inu, ndani akufuna kuona tauni ya pansi pa tiyi?

"Ili pa foni?" anafunsa mmodzi, maso osachotsa pagalasi.

"Ili kuseriku. Mumachita kukwawa."

"Ndi yunifolomu? Mukatichapira ndinu?"

Makolo nawo amaopa. Amati m'tiyi muli njoka, muli mankhwala opopera, muli anthu oipa. Zonsezo zinalipo kale, koma kale amayi ankangoti choka pano ukundisokosa, ndipo dziko lonse linali lako mpaka lipenga. Sindikunyoza foni ayi. Ine ndemwe, amalume atandipatsa yawo yakale nditamaliza mayeso, ndinaikumbatira ngati mwana wobadwa kumene. Chinthu choyamba ndinasaka dzina la mnzangayo. Anatuluka anthu a dzina limenelo okwana kudzaza bwalo la mpira, ena a ndevu zoyera, ena chithunzi chawo ndi mkango. Wa makutu panalibe.

Ndiye tsiku lina tikudya, bambo anangoti, ngati akukamba za mvula, "Tiyi wa kuseriyu akumuzula. Wakalamba. Adzala wina watsopano." Anatafuna pang'ono n'kuwonjezera, "Nanenso chaka chino ndikupuma. Tikamange kwathu ku Milonde."

Amayi anati Ambuye alemekezeke. Mchemwali anafunsa ngati kumeneko kuli netiweki. Ine ndinasiya kudya. Zaka zonsezi ndinkakhala ndi kaganizo kena kopusa, koti tsiku lina adzatsika pa kabaza, makutu patsogolo, adzapita pampopi n'kunena kuti aise, tinalekera pati? Malo amawadziwa. Khomo amalidziwa. Koma tiyi akazulidwa, ife n'kuchoka, adzapeza dothi lofiira ndi bambo wina womufunsa kuti ndani ameneyo. Ndiye kuti gemu yatha wina asanapezeke, ndipo mawu omaliza amene ndinamva kwa mnzanga adzakhala dikira mpaka ndidzafe.

N'chifukwa chake ndinkamukakamiza mchemwali wanga uja. Ndinkafuna wina wa m'nyumba mwathu aione tauniyo isanagwe, kuti ndikamadzanena asamati achimwene ayamba bodza lawo lija.

Atakana ndinapita ndekha, nkhuni zidikire.

Chipata chathu chinali kuseri kwa mwala wochapira. Ndinagwada. Mutu unalowa bwinobwino. Mapewa anakana. Ndinapendekeka, ndinatulutsa mpweya wonse, ndinalowa ndi mimba ngati ng'ona, shati n'kung'ambika kuyambira pakhosi mpaka ku Mozambiki. Mkati munalibenso msewu. Nthambi zinali zitatseka, akangaude atagawana mapuloti. Posalala paja panali zinyalala zokhazokha. Ndinafika pa Nkando mphamvu zitatha, ndipo nditatukula mutu ndinaona mitengo ya bulugamu pafupi pomwepa. Joni. Ulendo wa tsiku lonse uja, ndikanatha kulavula malovu n'kufikako.

Ndinagona pomwepo chafufumimba. Kuwala kokha ndi kumene sikunasinthe, kobiriwira kuja, ndi fungo la masamba onyowa. Ndinatulutsa foni n'kujambula. M'ngalande munali kapatapata kamodzi, kakang'ono, kotheratu. Ndinayesa kukumbuka kuti kanali ka ndani, koma tonse tinkavala ofanana, ndipo ambiri tinkayenda opanda. Bata la m'menemo linali la mtundu wina. Kale ngakhale kukhale zii, unkadziwa kuti paliponse pali munthu wagwira pakamwa kuti asaseke. Tsopano munalibe wogwira pakamwa. Munali ine ndi kapatapata.

Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinangoti, chapansipansi, "Ndibwere?"

"Mayo ine!" Pamwamba panga penipeni. Dengu linagwa, miyendo iwiri inalumpha mzere. "Muli munthu! M'tiyi muli munthu!"

Anabwera amayi ena othyola, anabwera akapitawo. Kutuluka kunavuta kuposa kulowa. Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo, matako patsogolo, fuko lonse likuona.

"Aaa, ndi mwana wa abambo a kufakitale aja," anatero mayi wina. "Wa folomu 4 uja."

"Ukufuna chani m'menemo, mphwanga?" akapitawo anafunsa.

"Ndikusaka mnzanga."

"Walowa liti?"

"Tili sitandade 6."

Anayang'anana. Mayi amene ndinawaopseza aja anatola dengu lawo n'kupukusa mutu. "Mayeso awa akutipengetsera ana." Onse anaseka, nanenso ndinaseka, ndikanatani. Mayi mmodzi wachikulire yekha sanaseke. Anandichotsa tsamba m'tsitsi n'kubwerera pamzere wake.

Mchemwali atabwera ku pati taimu anandipeza pakhonde ndikusoka shati. Anaona mawondo. Ndinakonzeka kulandira chipongwe. Anakhala pansi, anavula nsapato, kenako anati, "Mwamupeza?"

"Ndani?"

"Wa makutu uja. Nkhani imeneyo munayamba kundiuza ndili m'mimba."

"Sindinamupeze."

Anatulutsa mandasi m'chikwama, ananyema, anandipatsa mbali yaing'ono. Mwana ameneyu ngakhale pomva chisoni amayamba waona mbali yaikulu.

Pa intaneti pali gulu lina la anthu amene anakulira m'maesiteti a kuno. Nthawi zambiri amakangana za mpira ndi kulengeza maliro. Ndinaponya chithunzi chija pamenepo, masamba ndi kuwala kobiriwira ndi kapatapata, n'kulemba kuti:

"Kwa amene anakulira kulayini ya kuseri kwa fakitale, pa mpopi ndi mwala wochapira. Chithunzichi ndi pa Nkando, odziwa akudziwa. Tiyi ameneyu akumuzula, ndipo ifenso tikusamuka chaka chino. Pali munthu wina wa makutu ngati mbale amene anandiuza kuti dikira tsiku la chiperoni, ndipo ndadikira mpaka ndevu. Ndafunsa akangaude, sakumudziwa. Ngati mumamudziwa muuzeni kuti gemu siinathe. Aise, ndibwere?"

Anthu anaseka. Wina analemba kuti kwawonso ankatero koma Joni wawo anali kudamu. Wina anati ana a masiku ano amangokhalira foni, ngati iye ankalemba pa khasu. Wina anaika nsapato zogulitsa, masaizi onse. Wina anati amen. Kenako bata lija linanditsatira mpaka pa intaneti.

Makina anabwera. Anayambira kumapeto, ndiye Joni ndi amene anayamba kugwa. Ndinkaima pampopi n'kumaona mitengo ikutembenuzidwa mizu m'mwamba, azimayi akutsatira m'mbuyo kutola tinthambi totsala. Amayi anandituma nanenso. Ndinasenza Joni pamutu kubwera naye kunyumba, ndipo tinaphikira nandolo. Amayaka bwino, ndisaname.

Bandulo ya intaneti inandithera, ndipo ndinakhala osagula. Ndinkati bola foni ikhale chete chifukwa cha ine kusiyana n'kuti ikhale chete chifukwa cha iye. Koma m'mawa umene makina anafika pa Limbe ndinalephera kupirira. Ndinapita pakagolosale paja, ndinapatula mitu ya ana, ndinagula kabandulo kakang'ono. Ndisanafike n'komwe kunyumba foni inanjenjemera. Pansi pa nsapato zogulitsa zija panali yankho lalitali, la munthu wosamudziwa, chithunzi chake mkango. Nditawerenga mzere woyamba ndinakhala pamwala wochapira.

"Iwe wosaka wabodza iwe. Makutu anga uwasiye, ndinakula n'kuwapeza. Foni iyi ndi ya msuweni wanga, ndiye ndilemba kamodzi. Tsiku lija sindinkabisala iwe. Dzulo lake ndinamva bambo akukamba za lole, ndiye ndinati ndikalowa ku Joni n'kugona phee, dalaivala atopa, apita, ife titsala. Koma mayi tsiku limenelo sanakuwe. Anafunsa othyola, anzako aja, anawalozera ndi milomo. Anandizula mwendo ngati chinangwa. Ndiye wopambana gemu imeneyo ndi mayi anga, osati iwe. Lole ikudutsa ndinakuona pampopi, manja kumaso, ukunyowa ngati chitsiru. Ndinafuna kukuwa koma ndinali ndikulira, ndipo ukanandiseka mpaka lero. Esiteti sindinagule. Sukulu ndinalekera panjira, ndimapalasa kabaza pa Nkando, osati wa pansi pa tiyi, weniweni, pa siteji ya minibasi, njinga yofiira. Ndinayamba ndakwerapo minibasi mpaka pa Chinakanaka n'kubwerera, ndinati munthu wa sekondale angandifunse kuti ndine ndani. Undisungireko kanthambi kamodzi ka pa Limbe, musaphikire nandolo tauni yonse. Tsegula maso, aise. Bwera."